Isao Takahata, katswiri wa makatuni amene sankajambula

Mu filimu ya makatuni yotchedwa Only Yesterday, yomwe inatuluka ku Japan mu 1991, muli kachigawo kena ka chinanazi. Chaka chake ndi 1966, mumzinda wa Tokyo. Bambo wabwera ndi chinanazi chathunthu, ndipo banja lonse lachizungulira, chifukwa nthawi imeneyo ambiri kumeneko ankangodziwa chinanazi cha m'chitini. Palibe amene akudziwa kadulidwe kake. Chikukhala masiku angapo osakhudzidwa, mpaka mwana wamkulu m'nyumbamo atakamva kwina mmene amachidulira. Tsiku lafika, mpeni wadutsa, aliyense walandira gawo lake. Akulawa, koma n'cholimba, chosatsekemera. Mmodzimmodzi akukankhira mbale pambali. Taeko yekha, kamtsikana ka zaka khumi komwe kanachilirira chinanazicho, ndiye akupitiriza kutafuna pang'onopang'ono, nkhope itagwa, osafuna kuvomera kuti chimene ankachiyembekezera chamugwiritsa mwala.

Kachigawoka n'komweko basi. Mulibe chilombo, mulibe wouluka m'mlengalenga, mulibe womenya mnzake. Koma anthu ambirimbiri anakhala pa matebulo miyezi akujambula pamanja nsagwada za mwana amene akutafuna chipatso chosapsa, ndipo amene anawagwiritsa ntchito imeneyi anali Isao Takahata. Ine ndimamuona kuti ndi mmodzi mwa otsogolera mafilimu aluso kwambiri amene dziko la Japan linabalapo, kaya tikunena za makatuni kaya za mafilimu a anthu enieni. Luso lake linali loti ankatenga zinthu zimene maso athu anazizolowera mpaka kusiya kuziona, monga kudya, kusamba, kulima ndi kukangana kwa m'banja, n'kuzijambulitsa mosamala kuti tizionenso.

Dzina limene anthu ambiri amalidziwa akamva za Studio Ghibli ndi la Hayao Miyazaki, mwini wa Spirited Away ndi My Neighbor Totoro. Takahata anali mnzake, mkulu wake pa ntchito, komanso munthu amene Miyazaki ankafunitsitsa kumusangalatsa moyo wake wonse. Kusiyana kwawo kunali kwakukulu. Miyazaki amaganiza ndi pensulo. Filimu yake imabadwa m'manja mwake momwe. Takahata sankajambula. Ankangolemba timizere tosonyeza pamene munthu aime ndi kumene ayang'ane, zotsalazo n'kuzifotokoza ndi pakamwa, kufunsa mafunso, kukana chimene wapatsidwa, kufunsanso. Wina angaganize kuti chimenechi chinali chilema pa ntchito ya makatuni. Koma poti analibe kajambulidwe kakekake koti azikateteza, filimu iliyonse ankaisankhira maonekedwe oyenera nkhani yake, n'chifukwa chake mafilimu ake safanana.

Anabadwa pa 29 Okutobala 1935 m'dera la Mie, womaliza m'banja la ana asanu ndi awiri, koma anakulira ku Okayama. Usiku wa pa 29 Juni 1945, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndege za ku America zinaponya mabomba oyatsa moto pa mzindawo. Anathawa ndi mlongo wake, opanda nsapato, atavala zogonera, atasiyana ndi makolo awo m'chipwirikitimo. Kutacha anayenda pakati pa mitembo. Anthu oposa 1,700 anafa usiku umenewo. Banja lake linapulumuka, ndipo kwa zaka zambiri sankakonda kuyankhula pagulu za zimene anaona.

Ku yunivesite ya Tokyo anaphunzira zolembalemba za Chifalansa. Ali komweko anaonera filimu ya makatuni ya Mfalansa Paul Grimault, yokamba za mfumu yankhanza, mtsikana woweta nkhosa ndi mnyamata wosesa machumuni, yomwe mawu ake analemba ndi mlakatuli Jacques Prévert. Filimu imeneyo inamuonetsa kuti makatuni angathe kunena za ulamuliro ndi kuponderezana, osati kuseketsa ana kokha. Atamaliza maphunziro mu 1959 analowa ntchito ku Toei Doga, kampani yomwe inkafuna kukhala Disney ya ku Asia. Kumeneko ndi kumene anapatsidwa dzina loti Paku, chifukwa ankafika pa ntchito mochedwa, akumeza buledi mothamanga, ndipo anzake anamutcha dzinali potengera kamvekedwe ka kudya koteroko m'Chijapani. Dzinali linamukakamira mpaka imfa.

Iye ndi Miyazaki, amene analowa ku Toei mu 1963, anadziwana bwino m'bungwe lomenyera ufulu wa ogwira ntchito, momwe onse awiri anali atsogoleri. Mzimu wa bungwelo unalowa mu filimu yoyamba imene Takahata anatsogolera, Horus, Prince of the Sun. Katswiri wojambula Yasuo Otsuka ndiye anaumirira kuti mnyamatayu apatsidwe mpata. Takahata analola ojambula, ngakhale aang'ono, kubweretsa maganizo awo, ndipo nkhani yake inali ya mudzi umene uyenera kugwirizana kuti upulumuke. Munali mtsikana wina, Hilda, wa mitima iwiri, wosakhala mngelo komanso wosakhala mfiti, munthu amene makatuni a ku Japan anali asanamuonepo. Ntchito inayamba mu 1965 n'kudzatha mu 1968, itadya nthawi ndi ndalama zoposa zimene anapangana. Kampani inaionetsa masiku khumi okha, ndipo Takahata anatsitsidwa udindo. Lero filimuyi imatchulidwa ngati poyambira makatuni a ku Japan a anthu akuluakulu.

Mu 1971 iye, Miyazaki ndi Yoichi Kotabe anachoka ku Toei kuti akapange makatuni a Pippi Longstocking, koma mlembi wa bukulo, Astrid Lindgren wa ku Sweden, anakana kupereka chilolezo. Zimene anakonzazo sizinatayike zonse. Zina zinalowa mu Panda! Go, Panda! ya mu 1972.

Kenako kunabwera Heidi. Awa anali makatuni a pa wailesi yakanema a mu 1974, zigawo 52, chimodzi pa sabata kwa chaka chathunthu, ochokera m'buku la Johanna Spyri lonena za mwana wamasiye amene akukasiyidwa kwa agogo ake aamuna m'mapiri a ku Switzerland. Masiku amenewo makatuni a pa TV anali a maloboti ndi masewero, othamanga, aphokoso. Takahata anayamba ndi chinthu chimene chinali chachilendo pa ntchitoyi: mu 1973 anapita ndi anzakewo ku Switzerland, kudera la Maienfeld, kukaona ndi maso mmene nyumba za m'mapiri zimamangidwira, mmene mbuzi zimayendera pa chitunda, zida za m'khitchini, ndi mmene kuwala kwa dzuwa kumasinthira pa nsonga za mapiri.

Zotsatira zake zimaoneka pa chigawo choyamba pomwe. Heidi akukwera phiri atavekedwa zovala zake zonse mophatikiza, kuti amene akumuperekeza asavutike ndi katundu. Akutuluka thukuta, akuyenda movutika. Kenako akuvula chimodzichimodzi, n'kuzisiya pa udzu, n'kuthamangira mbuzi atangotsala ndi kamalaya kamkati. Palibe amene akutiuza kuti mwanayu wamasuka. Tikuziona tokha m'miyendo yake. M'zigawo zotsatira timaonerera agogo akusungunula tchizi pa moto, akukama mbuzi, akukhoma mpando wa mdzukulu wawo, akumuyalira pogona pa udzu wouma. Zimenezi ena akanazidumpha kuti afike pa nkhani. Kwa Takahata zimenezi ndizo zinali nkhaniyo, chifukwa pamene Heidi adzatengedwa kupita ku Frankfurt n'kuyamba kudwala ndi kupukwa, woonera akhala atadziwa kale chimene mwanayo akulirira, popeza nayenso wakhala m'nyumba ija miyezi.

Kuti zimenezi zitheke, Miyazaki ankajambula pasadakhale kakhalidwe ka chithunzi chilichonse cha zigawo zonsezo, kusonyeza pamene pali khomo, kutalika kwa tebulo, ndi pamene diso la woonera laima. Njira imeneyi inadzakhala maziko a kapangidwe ka makatuni ambiri ku Japan. Heidi anafika kutali: ku Spain, ku Italy, ku Germany, m'mayiko a Aluya, ngakhalenso ku South Africa, komwe ankamuonetsa m'Chiafrikaans, ndipo ambiri mwa ana amene anakula naye sankadziwa n'komwe kuti anapangidwa ku Tokyo.

Anatsatiza ndi nkhani ya Marco, mwana wa ku Genoa wokasaka mayi ake ku Argentina, mu 1976, kenako Anne of Green Gables mu 1979. Mu Anne, ulendo wa pa ngolo wochokera ku siteshoni ya sitima kupita kunyumba ukudya pafupifupi chigawo chonse choyamba, mtsikanayo akungoyankhula, mkulu woyendetsa ngoloyo akungomvetsera.

Studio Ghibli inakhazikitsidwa mu 1985 ndi Takahata, Miyazaki ndi Toshio Suzuki, ndi ndalama za kampani yosindikiza mabuku ya Tokuma Shoten. Takahata ndiye anayendetsa ntchito yopanga Nausicaä of the Valley of the Wind ndi Castle in the Sky za Miyazaki. Pali nkhani ina ya nthawi imeneyi imene imamufotokoza bwino munthuyu. Miyazaki anamupatsa ndalama zimene anapeza pa Nausicaä kuti akapange filimu yochitikira m'tauni ya Yanagawa. Atafika kumeneko, Takahata anatengeka ndi ngalande za madzi za m'tauniyo, ndi mmene anthu ake anakanira kuti zikwiriridwe, n'kuyamba kuzichotsa matope ndi zinyalala ndi manja awo. Makatuni aja anawasiya. Anapanga filimu ya zochitika zenizeni ya pafupifupi maola atatu yofotokoza mmene madzi amayendera m'ngalandezo, yomwe inatuluka mu 1987 ndalama zitatheratu.

Pa 16 Epulo 1988, m'nyumba zoonetsera mafilimu ku Japan munalowa mafilimu awiri pa tikiti imodzi: My Neighbor Totoro ya Miyazaki ndi Grave of the Fireflies ya Takahata, dzina lotanthauza manda a ziphaniphani. Yachiwiriyi inachokera m'nkhani imene Akiyuki Nosaka analemba mu 1967, atavutika zaka zambiri ndi chikumbumtima chifukwa cha mlongo wake wamng'ono amene anafa ndi njala nthawi ya nkhondo. Takahata anachedwa nayonso, mpaka inayamba kuonetsedwa zigawo zina zisanapakidwe utoto.

Filimuyi imayamba ndi mathero ake. Seita, mnyamata wa zaka 14, akufera pansi pa siteshoni ya Sannomiya ku Kobe mu Seputembala 1945, nkhondo itatha kale. Wosesa akupeza kachitini ka maswiti m'zovala zake n'kukaponya kunja. Kuchokera pamenepo mzimu wa mnyamatayo ukutibweza m'mbuyo, ku tsiku limene mabomba anagwa pa Kobe. Mabombawo Takahata anawajambulitsa mmene anawaonera iye ku Okayama: timachubu tikugwa mwakachetechete, tikudumpha pa denga ndi pa msewu, tikulavula moto pang'onopang'ono ngati topanda ngozi. Mayi awo akufa ndi mabala a moto. Bambo awo ndi msilikali wa pamadzi, ali kunkhondo. Seita ndi mlongo wake Setsuko, wa zaka zinayi, akupita kukakhala kwa azakhali awo ku Nishinomiya.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri amapadutsa ndi misozi osapaona. Azakhaliwo poyamba akuwalandira. Chakudya chikamachepa, mawu awo akuyamba kulasa: mwana wawo wamkazi akugwira ntchito yothandiza dziko, pamene Seita akungokhala pakhomo. Powagawira chakudya, ena akulandira mpunga, iwo madzi ake. Owerenga ambiri kuno kwathu sakufunika kuwafotokozera mmene mwana wamasiye amamvera mbale ikamafika kwa iye pomaliza, kapena mmene njala imaumitsira mtima wa munthu amene sanali woipa. Seita akukhumudwa, akutenga mlongo wake, n'kukakhala m'phanga lobisalamo mabomba limene linasiyidwa m'mbali mwa dziwe. Masiku oyamba ndi okoma. Akuphika okha, akugwira ziphaniphani n'kuziika m'neti yotchingira udzudzu kuti ziwaunikire. Koma potuluka m'nyumba ija atulukanso m'dongosolo la anthu oyandikana nyumba momwe chakudya cha boma chinkagawidwira. Mlimi wina akumulangiza kuti adzichepetse, abwerere kukapepesa. Iye sakubwerera. Akuyamba kuba m'minda. Setsuko akutuluka zilonda, akutsegula m'mimba, akuyamba kuumba dothi n'kumalitcha mpunga. Pamene Seita akukatenga ndalama zotsala za mayi ake ku banki n'kugula chakudya, nthawi yatha kale.

Takahata ankanena mobwerezabwereza kuti iyi si filimu yotsutsa nkhondo, ndipo ambiri ankadabwa. Maganizo ake anali akuti kuonetsa anthu mmene anavutikira sikuletsa nkhondo ina, chifukwa atsogoleri ofuna nkhondo amagwiritsa ntchito mantha omwewo, n'kumati tigule zida kuti zoterezi zisadzatigwerenso. Chimene ankafuna n'chakuti achinyamata a ku Japan wolemera wa m'ma 1980 adzione mwa Seita, mwana amene akakhumudwa amadzipatula kwa anthu n'kumanga kadziko kakekake. Sankati Seita ndi wolakwa basi, komanso sankamuchotsera mlandu. Anasiya funsolo lili poyera, kuti woonera alimbane nalo.

Ndikuganiza kuti pamenepa filimuyi inamuposa mwini wake. Setsuko anajambulidwa mwachikondi chachikulu, mmene amavulira zovala mothamanga pa nyanja, mmene amagwedezera kachitini kuti amve ngati mwatsala switi, mmene amapotolera thupi akafuna kulira, mwakuti woonera sangakhale woweruza wodekha amene Takahata ankamufuna. Timalira, ndipo n'koyenera. Koma amene wayionera kachiwiri amayamba kuona zimene misozi inabisa: mzimu wa Seita utaima pambali, wofiirira, ukuonerera zolakwa zake zomwe, ndipo kumapeto ana awiriwo atakhala pa benchi akuyang'ana Kobe wa lero ndi nyumba zake zosanja zowala. Akufawo sanapite kulikonse. Akuyang'ana amoyo.

Zikuoneka kuti iye mwini anazindikira mphamvu yoopsa imene chithunzi chodzadza chili nayo, yomeza woonera mpaka kuiwala kuganiza, chifukwa mafilimu ake otsatira onse akufunafuna njira yosiyira woonera mpata. Mu Only Yesterday muli nthawi ziwiri zojambulidwa mosiyana. Taeko wamkulu, wa zaka 27, wosakwatiwa, wogwira ntchito mu ofesi ku Tokyo, akupita kumudzi ku Yamagata mu 1982 kukathandiza kukolola maluwa a benibana, omwe amapangira utoto wofiira. Zigawo zimenezi n'zodzadza mpaka m'mphepete, tsamba lililonse lili pamalo pake. Mawu a ochita sewero anajambulidwa poyamba, kenako ojambula n'kumatsatira kayendedwe ka milomo ndi masaya awo, moti Taeko akamwetulira pamaoneka mizere ya m'masaya, chinthu chimene makatuni a ku Japan amachipewa poopa kukalambitsa nkhope. Koma akakumbukira ubwana wake, monga tsiku la chinanazi lija, mitundu imafuwa ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumasanduka moyera, monga zimakhalira m'mutu mwa munthu: chapakati chikumbukika, zozungulira zinafufutika.

Zimene akukumbukirazo n'zazing'ono koma zoluma. Masamu ogawa mafulakishoni amene anamukanika chifukwa ankafuna kumvetsa tanthauzo lake m'malo moloweza njira. Manyazi a atsikana a m'kalasi atauzidwa za kusamba, anyamata n'kumawaseka. Tsiku limodzi lokha limene bambo ake anamumenya mbama chifukwa chotuluka panja osavala nsapato. Buku la zithunzi limene filimuyi inachokera linali ndi nkhani za mwana zokhazi. Taeko wamkulu ndi ulendo wake wa kumudzi anawonjezera ndi Takahata.

Ndipo kumudziko sanakupange kukhala paradaiso. Timaona anthu akudzuka kusanache kuti athyole maluwa minga yake idakali yofewa ndi mame, akuwatsuka, akuwaponda, akuwasiya kuti avunde, akuwaumba timibulu n'kuyanika. Timamva kuti atsikana akale amene ankalaswa ndi mingayo sankakwanitsa kugula zopaka milomo zochokera m'maluwa omwewo. Taeko akamasirira kukongola kwa chilengedwe, Toshio, mlimi wachinyamata, akumuuza kuti zonse akuzionazo, minda, nkhalango ndi timitsinje, zinaumbidwa ndi manja a alimi pa zaka mazana. Kenako agogo a pakhomopo akumufunsa mosapita m'mbali ngati angakwatiwe ndi Toshio n'kukhala konko, ndipo Taeko akuthawira panja, atazindikira kuti chikondi chake cha kumudzi chinali cha mlendo wa masiku owerengeka. Filimu yoteroyo, yopanda matsenga, inaposa mafilimu onse a ku Japan pa ndalama zimene inapeza m'dzikomo mu 1991.

Pom Poko ya mu 1994 inachitanso chimodzimodzi pa malonda, ndipo inapambana mphoto ku chikondwerero cha makatuni cha ku Annecy ku France. Ndi nkhani ya tanuki, tinyama tokhala ngati nkhandwe zazifupi, timene m'nthano za ku Japan timatha kusanduka chilichonse. Nkhalango yawo ya m'mapiri a Tama ikugwetsedwa kuti pamangidwe nyumba za anthu a ku Tokyo. Akuchita misonkhano, akugawanika pakati pa ofuna kumenya nkhondo ndi ofuna kuopseza chabe, akuledzera asanapambane. Akusonkhanitsa mphamvu zawo zonse n'kuchita chionetsero cha mizukwa m'misewu, koma anthu akungosangalala nacho, ndipo mwini malo ena achisangalalo akunama kuti anakonza ndi iye pofuna kutsatsa malonda. Munthu amene anakhalapo m'bungwe la ogwira ntchito n'kuliona likugonja ndi amene akanatha kulemba zimenezi moseketsa ndi mowawa nthawi imodzi.

Sitingakambe za luso limeneli n'kubisa mtengo wake. Takahata anali wovuta kugwira naye ntchito. Ankachedwa kuyamba, akayamba sankafuna kumaliza, ndipo popeza sankajambula yekha, kufuna kwake konse kunkagwera pa mapewa a ena. Yoshifumi Kondo, amene anapatsa Setsuko ndi Taeko nkhope ndi kayendedwe kawo, ndiponso amene ankayembekezeka kudzalowa m'malo mwa Takahata ndi Miyazaki, anamwalira mu 1998 ali ndi zaka 47. Suzuki anadzafotokoza pambuyo pake mmene ntchito ya pansi pa Takahata inamufooketsera Kondo. Ndimakonda mafilimuwa ndi mtima wonse, koma sindikhulupirira kuti ubwino wawo umafafaniza zimenezi. Munthu amene ankamenyera ufulu wa ojambula ali mnyamata anadzakhala bwana wotopetsa ojambula.

Mu 1999 anatulutsa My Neighbors the Yamadas, yochokera m'tizithunzi toseketsa ta Hisaichi Ishii ta m'nyuzipepala ya Asahi Shimbun. Ilibe nkhani imodzi yoyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi tizidutswa ta banja wamba: mwamuna ndi mkazi akulimbirana limoti ya TV, banja lonse likuiwala mwana wamng'ono kumsika, bambo akubwera kuntchito atatopa n'kudya nthochi mwakachetechete. Imaoneka ngati yojambulidwa mothamanga ndi pensulo ndi utoto wa madzi, mbali yaikulu ya pepala ili yoyera. Kuti zioneke zosavuta choncho panafunika ntchito yowirikiza, ndipo inali filimu yoyamba ya Ghibli kupakidwa utoto yonse pa kompyuta. Inasokoneza kagwiridwe ka ntchito ka situdiyo yonse, ndipo sinayende bwino pa malonda. Panadutsa zaka 14 asanatulutse filimu ina yaitali.

Sanangokhala. Chaka chomwecho cha 1999 anatulutsa buku lonena za mipukutu ya zithunzi ya ku Japan ya zaka za m'ma 1100, momwe ankasonyeza kuti ojambula akalewo ankadziwa kale kuonetsa kuyenda ndi kudutsa kwa nthawi ndi mizere yochepa. Anamasulira ndakatulo za Prévert m'Chijapani. Anathandizanso kubweretsa ku Japan filimu ya Michel Ocelot, Kirikou and the Sorceress, yochokera m'nthano za kumadzulo kwa Africa, ndipo anaimasulira yekha. Chikhulupiriro chake chinali chakuti mzere wosamalizidwa umaitana woonera kuti amalize yekha m'mutu mwake, monga zimakhalira agogo akamasimba nthano madzulo: sanena kuti kalulu anavala chiyani, koma mwana aliyense amamuona.

Amene anamubweza pa ntchito anali Seiichiro Ujiie, mkulu wa wailesi yakanema ya Nippon TV, yemwe anakonda Yamadas ndipo anati akufuna kuona filimu ina ya Takahata ngakhale italowetsa ndalama m'madzi. Mnyamata wina, Yoshiaki Nishimura, anapatsidwa ntchito yomunyengerera ndi kumukankha. Nkhani imene anasankha inali nthano ya wodula nsungwi, yolembedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, imene mwana aliyense ku Japan amaidziwa, ndiponso imene Takahata anayamba kuiganizira adakali ku Toei. Ntchitoyo inatenga zaka zisanu ndi zitatu ndi ndalama pafupifupi mayeni 5 biliyoni. Ujiie anamwalira mu 2011 osaiona. Takeo Chii, amene anayankhula mawu a nkhalamba yodula nsungwi, anamwalira mu 2012, koma mawu ake anali atajambulidwa kale. Filimuyi inayenera kutuluka tsiku limodzi ndi The Wind Rises ya Miyazaki, monga zinachitikira mu 1988, koma Takahata anachedwanso, ndipo The Tale of the Princess Kaguya inatuluka pa 23 Novembala 2013.

Nkhalamba ikupeza kamwana kakakazi m'kati mwa nsungwi yowala. Kakukula mofulumira, kakukwawa, kakutsanzira achule, kakuthamanga m'tchire ndi ana a anthu osema mbale. Mphindi zoonetsa khandalo likuphunzira kutembenuka ndi kuimirira, zojambulidwa motsogozedwa ndi Osamu Tanabe pa zithunzi zofewa za Kazuo Oga, n'zokwanira kuti munthu ayifunefune filimuyi. Kenako nkhalambayo ikupeza golide ndi nsalu zamtengo wapatali m'nsungwi, n'kuganiza kuti kumwamba kukufuna kuti mwanayo akhale mfumukazi. Ikumutengera ku likulu, kumumangira nyumba yaikulu, kumulembera mphunzitsi wa makhalidwe. Akumuzula nsidze, akumudetsa mano monga ankachitira akazi olemekezeka a nthawiyo, akumuletsa kuseka mokweza ndi kuthamanga. Bamboyu si wankhanza. Amamukonda mwanayo mpaka kulira, ndipo chikondi chomwecho n'chimene chikumutsekera m'nyumba.

Pa phwando lomupatsa dzina, lomwe likuchitika masiku atatu iye atabisidwa kuseri kwa nsalu, akumva amuna oledzera akumunyoza kuti ndi mwana wa kumudzi wogulidwa ulemu ndi ndalama. Akuphulika n'kuthawa. Apa chithunzi chenichenicho chikusweka. Mizere ikusanduka mikwasa ya makala, yakuda, yokalipa. Zovala zake zikuvuka chimodzichimodzi n'kutsalira m'msewu pansi pa mwezi waukulu. Nkhope yake ikutsala maso okha. Sitikuuzidwa kuti wakwiya. Dzanja la wojambula ndilo lakwiya, ndipo tikuliona. Zaka pafupifupi 40 m'mbuyomo Heidi anavula zovala pa phiri n'kumasuka. Kaguya akuvula, koma akupeza kumudzi kuja anzake atasamuka, phiri lili gwa ndi chisanu.

Amuna asanu olemekezeka akumufunsira, aliyense akumuyerekeza ndi chuma chimene sanachionepo, ndipo iye akuwatuma kuti akabweretse chumacho. Mfumu ya dziko ikubwera n'kumugwira kumbuyo popanda chilolezo chake. Pa kamphindi kameneko mtima wake ukufuula kuti sakufunanso kukhala pano, ndipo kumwezi, kumene anachokera, amva. Kulapa kwake sikungabweze mawuwo. Anthu a kumwezi akutsika pa mtambo ndi nyimbo yachisangalalo, imene Joe Hisaishi anaipeka mopepuka ngati ya pa chikondwerero, ndipo n'chifukwa chake imaopsa: akubwerawo sadziwa chisoni, choncho sangamve kulira kwa makolo awiri okalamba. Kaguya akuyesa kuwauza kuti dziko lino si lodetsedwa, kuti chimwemwe ndi chisoni chake zonse n'za mtengo, koma asanamalize akumuveka mkanjo woiwalitsa.

Filimuyi inabweza pafupifupi theka lokha la ndalama zake ku Japan. Inasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar mu 2015, koma mphotoyo inapita kwa Big Hero 6 ya Disney. Chaka chomwecho, pa tsiku lokumbukira kuti patha zaka 70 chiphulitsireni Okayama, Takahata anapita kumzindawo n'kufotokoza pagulu za usiku wa moto uja. Anachenjeza za chizolowezi cha anthu a kwawo chongotsatira kumene gulu lalowera, ndipo anateteza ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko la Japan, imene imaletsa dzikolo kuchita nkhondo. Ntchito yake yomaliza inali yolangiza Michaël Dudok de Wit wa ku Netherlands pa filimu yopanda mawu ya The Red Turtle ya mu 2016. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ku Tokyo pa 5 Epulo 2018, ali ndi zaka 82. Ankafunabe kupanga filimu ya The Tale of the Heike, nkhani yakale ya nkhondo ya pakati pa mabanja awiri a ankhondo, imene anaiganizira zaka zambiri koma sinayambike.